Wina Asaleretse

Nkhafi yoyamba inamupeza Fletcher paphewa, ndipo gombe lonse linaomba m'manja. Pauline, mkazi wake, anakhala pa bokosi la mabuku akumwetulira. Lero zinayamba bwino.

Fletcher ndi uja ali mwana ankasewera pa kanema, wolira mpaka amayi a m'Salima kupsereza ndiwo. Mawu atakula, amasewero anamuiwala. Anatsala ndi njinga, bokosi la mabuku obwereketsa, ndi luso la kufa. Akafika pagulu ankasewera kachigawo ka buku lomwe wasankha, kugwa, kuphupha, kenako kudzuka n'kulikweza m'mwamba: "Mukufuna kudziwa amene wandipha? Werengani ili."

Anthu ankawerengadi, ena mpaka kuchita zomwe awerengazo. Ruth, mkazi wa Yakobo mwini bwato, anabwereka buku limene Fletcher anamusankhira, la mayi wotopa ndi zibakera. Atalitsiriza anamanga katundu, natenga ana, ulendo wa kwawo. Yakobo anangomuuza Fletcher kuti, "Tidzaonana." Fletcher anaseka.

Chimene sichinkamuseketsa ndi anthu achifundo. Ku Khombedza amayi a tomato analowerera sewero lili pakati, n'kumugulula dzino ndi chikuni mnzake wosewera naye. Sewero linathera pomwepo, buku osabwerekedwa ndi limodzi lomwe. Fletcher analumbira kuti zikadzachitikanso, mabuku adzapereka kusukulu, iye n'kukwera basi ya ku Joni. Pauline ankawadziwa bwino akazi a amuna a ku Joni, nyumba yamalata koma bedi lozizira. Iye ankamufuna mwamuna wake pompano, ndi njinga yake yolirayo. Choncho ntchito yake lero inali imodzi: wina asaleretse.

Wosewera watsopano anali Tadala, mng'ono wa Fletcher. Anapangana kuti atulukira kuseri kwa mathandala oyanikira usipa, atavala chisoti chophimba nkhope chija amavala asodzi kukazizira. Magazi akhala madzi a chidede m'botolo. Nkhafi analonjeza kupanga yekha, yabodza koma yoti ngakhale msodzi sangaikayikire. Ndipo wachisoti anatulukiradi, Fletcher asanamalize ndi malonje omwe. Mlamu ameneyu ndi wachangu, anatero Pauline mumtima, ndipo nkhafiyo waipanga ngati yeniyeni.

Yachiwiri inatera m'nthiti. Fletcher anagwada mumchenga.

"Mayi a Molly! Mayi a Molly!"

Zomuitana Pauline chonchi m'buku munalibe, koma mwamuna wakeyo ankakonda kuthira mchere. Yachitatu inalira pamutu ngati akuswa dzungu. Chofiira chinatsika pakhosi n'kunyowetsa malaya. Wachisotiyo anamuponda pachifuwa, namuwonjezera ina, ndi inanso.

Bambo wina wachikulire amene ankasoka ukonde anadzuka. "Anthuni, amupha munthuyu."

Pauline anamutchinga, manja atatambasula. "Khalani pansi, bambo. Ndi sewero."

"Mayi, nanga magaziwo?"

"Ndi chidede. Ndawiritsa ndekha m'mawa uno."

Asodzi awiri anasiya kutsitsa nsomba nathamangira komweko. Pauline anamugwira mmodzi malaya, winayo anamukankha mpaka kugwera m'beseni la usipa. Gulu linafa ndi kuseka, asodziwo n'kubwerera ndi manyazi. Palibe amene anayesanso. Mtima wa Pauline unadzaza ndi kunyada. Chikwatiraneni, mwamuna wake anali asanafepo mokoma chonchi. Joniyo imudikire.

Wachisotiyo anataya nkhafi, nadutsa pakati pa mathandala, n'kuzimirira m'bango. Anthu anaimba mluzu, ena akufunsa kale dzina la buku. Pauline analitulutsa m'bokosi, nakaima pambali pa mwamuna wake kudikira kuti adzuke alikweze. Fletcher ankakonda kuchedwetsa dala, kuti mitima ya anthu ikhale m'mwamba. Koma dzuwa linali pamutu, ndipo ntchentche za pagombe zinayamba kumutera.

"Bambo a Molly, zakwana, dzukani," anatero chapansipansi. "Anthu akudikira buku."

Pomwepo kabaza anaima kumbuyo kwa gulu. Anatsika Tadala, thukuta lili kamukamu, chisoti m'thumba, nkhafi ya katoni kukhwapa.

"Pepani alamu, tayala linaphulika panjira. Tiyambe?"

Botolo la chidede linali m'manja mwake, lodzaza, chitsekere.