Ufa wa Wofolera Nyumba

Sikelo anawalanda chakudya amalume ake, a Mpinganjira, chaka chimene makina ogawa ufa anayamba kudyetsa aluso okha, luso lililonse munthu mmodzi pamudzi. A Mpinganjira ankadyera kufolera nyumba.

Sikelo, bambo wandevu wosadziwa ntchito iliyonse, anabwera n'kugwada. "Ndiphunzitseni amalume, ana anga angafe."

Anamuphunzitsa kusanja udzu ndi kumanga ndi luzi, osabisa kanthu. Tsiku loyesa litafika, makina anasankha Sikelo wa manja achangu, nkhalambayo n'kuchotsedwa.

Njala itawawa, a Mpinganjira anapita kwa mphwawoyo atanyamula mbale.

"Ufawu ndi wa ana, amalume," anatero Sikelo akutafuna. "Munthu aziphunzira zambiri. Zaka zonsezi inu munangodziwa chimodzi?"

A Mpinganjira anabwerera kwawo atavundikira mbale ija, kuti anthu aziyesa muli kanthu.