Chingerezi cha a Dunstan

Mayi Ellah anapukuta malovu pachibwano cha amuna awo n'kutchera khutu. A Dunstan anagogoda katatu m'mbali mwa bedi ndi dzanja limene linatsala lamoyo.

"Try and come home," anatero, lilime likulemera. Anadikira kaye. "Go and call him." Anadikiranso. "Wait and see."

Inali sabata yachitatu, nyimbo yake yomweyo. Sitiroko inawagwetsa a Dunstan m'bafa kunyumba kwawo ku Sadzi, ndipo pomwe ankatsitsimuka Chichewa chonse chinali chitathawa, ngakhale kupempha madzi kwenikweniku. Chinatsala ndi Chingerezi chimene anaphunzitsa ana a eni ku sekondale kwa zaka makumi atatu. Nanga Mayi Ellah, olekezera Sitandade 4, akanatolapo chiyani? Anthu oti ankamvana ngakhale pa kutsokomola, lero ankangoyang'anana ngati okumana m'minibasi. Zinkawapweteka mayiwa, moti ankakalirira kuseri kwa khitchini.

Amene anawamasulira ndi Benedicta, namwino wa nyumba yoyandikana nayo. "Mayi, akuti 'yesetsa ubwere kunyumba.' Akutinso 'pita ukamuitane.' Kwinako akuti 'dikira uone.'"

Mayi Ellah anangoti khu pansi, manja kumutu. Woitanidwayo angakhalenso ndani? Mwana wawo anali mmodzi yekha, Oliver, amene anasiya yunivesite n'kuyamba kukonza njinga zamoto. Tsiku limene a Dunstan anamva zimenezi anamuponyera chikwama panja, mvula ikugwa. Oliver naye, mutu wouma ngati bambo ake, analumbira kuti sadzapondanso pakhomopo pokhapokha eni akewo atamuitana ndi pakamwa pawo. Zaka zisanu ndi ziwiri zinatha ali ku Lilongwe. Ngakhale za matendazi ankangofunsa pafoni, kubwera ayi.

Ndiye dzulo lake mayiwo anamuimbira n'kusendeza foni pakamwa pa odwalawo. "Wadzimvera wekha, mwanawe. Akukuitana."

Kenako anamva mwana wawo, bambo wandevu, akusisima. "Amayi, ndikwera basi ya m'mawa."

Lero mayiwo analawirira kusesa pabwalo, anapha tambala, anawameta ndevu amuna awo n'kuwaveka malaya oyera a kutchalitchi. Masana Oliver anatumiza uthenga kuti adutsa pa Songani. Chimene mayiwo ankapempha kwa Mulungu chinali chimodzi basi, kuti awiriwa agwirane chanza bambowa asanatsikire kuli chete.

"Odi kuno!"

Anathamangira kuchitseko, chitenje chikumasuka. Koma sanali Oliver. Anali a Yesaya, mphunzitsi wa ku sekondale ya Masongola, amene kale anaphunzitsidwa ndi a Dunstan. Anabwera kudzazonda odwala, atanyamula kambale ka masitiroberi a kuphiri.

A Yesaya anagwada pafupi ndi bedi. "Sala, ndine Yesaya, uja munkamutcha kamberembere."

A Dunstan anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako dzanja lija linakwera n'kugogoda bedi. Go, go, go.

"Try and come home."

"Try to come home!" anayankha a Yesaya mokweza, osaganiza n'komwe, ngati mwana wa sukulu.

A Dunstan anagwedeza mutu movomereza. Anatchula chachiwiri, a Yesaya n'kuyankha. Chachitatu chimodzimodzi. Mbali imodzi ya pakamwa pa odwalawo inakwera m'mwamba. Kumwetulira! Masabata atatu Mayi Ellah akuwasambitsa ndi kuwadyetsa phala ndi supuni, sanakuonepo kumwetulira kumeneku.

Panja panaima njinga ya kabaza. Geti linalira.

A Yesaya anatembenuka, misozi ili lengelenge, nkhope ili yowala. "Mayi, musadandaule, mutu ukugwira uwu! Limeneli ndi phunziro lathu la Folomu 3. Ankagogoda tebulo katatu, iwo n'kutchula chiganizo, ife n'kuchitembenuza, kuchotsa 'and' n'kuikapo 'to'. Ziganizo zake zomwezi, chaka ndi chaka. Sakuona chipinda muno, akuona kalasi."

Mayi Ellah anatembenukira kukhomo. Pakhonde chikwama chinati phi, ndipo mawu a Oliver anamveka: "Amayi, ndafika. Ali kuti bambo andiitanawo?"