Choumitsira cha Nkhanga

Padangokhala Nkhanga, mayi wogulitsa mfutso. Ndikunena monga anandiuzira Nasibeko tikuchokera kumapemphero.

Nkhanga anapanga choumitsira masamba cha nsungwi ndi pulasitiki, choti fumbi ndi ntchentche zisamafike. Mfutso wake unayamba kutha msika usanatenthe.

Tsiku lina kunabwera mlamu wake Khwangwala, kolala ili mbee.

"Mlamu, chinthu chotere chimafunika mwamuna wokachifotokoza kwa akuluakulu."

"Nanga masamba anga ndiyanika pati, achimwene?"

"Mawa lomwe ndibweza."

Khwangwala anachinyamula napita nacho kuchionetsero, kumene akuluakulu anamuombera m'manja, nalemba dzina lake pa choumitsiracho. Anachikhoma muofesi, ndipo sichinaumitsenso ngakhale tsamba limodzi.

Mpaka lero Nkhanga amayanika pansi, akupalasa fumbi. Nasibeko anaithera pamenepa nthanoyi. Ambuye awakumbukire onse awiri, iye ndi Nkhanga.