Nsapato Zofiira pa Mathithi

Panali bambo wina ku Chilenje mu Lusaka, dzina lake Davies Kampamba, kalaliki wa boma ku Longacres. Zinali zaka zija za chipani chimodzi, sopo tikugula pamzere. Mkazi wake, Winifred, anakulira ku Kabwata. Anakhala m'banja zaka zisanu ndi chimodzi opanda mwana, anthu akunong'ona. Chaka chachisanu ndi chiwiri Winifred anatenga pakati.

Mimba itakwana miyezi isanu, ba Davies anatenga tchuthi kuti akaonetse mkazi kwawo ku Mpulungu, katauni ka m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika. Anabwereka kamera kwa mnzawo wa kuofesi. Anamugulira Winifred nsapato zofiira za zidendene zazitali m'sitolo ina mu Cairo Road. Kuofesi anali atalonjeza kale kuti, "Muzaona mafoto. Kwathu si kuno kwa fumbi."

Ku Mpulungu anafikira kwa mlongo wawo wamkulu, ba Chibesa, mayi woyanika tinsomba ta kapenta. Tsiku lachitatu ba Davies anati mawa akwera phiri kukaona mathithi.

Ba Chibesa anayang'ana mimba, kenako anayang'ana nsapato.

"Mulamu, njila si yoipa, azimai apakati amakwela na nkhuni pamutu. Koma izi musavale. Myala ya kuja siuma, madzi amawaza tsiku lonse, ndele yekhayekha. Tengani zanga." Anatulutsa nsapato zawo za matayala.

Ba Davies anaseka. "Ba sisi, mufuna a kuofesi aone mkazi wanga atavala tayala la lole? Ine n'nabadwila kuno."

"Unabadwila kuno, koma unachoka ukali kunyowetsa mphasa. Mwala suziba kuti ndiwe kalaliki."

Winifred sanafune mkangano. M'mawa mwake anavala za matayala, zofiira zija anaika m'chikwama.

Anakwera bwato mpaka pomwe njira imayambira. Anakwera maola awiri, akupuma pansi pa mitengo. Akacheuka ankaona nyanja yonse pansi, mabwato ngati nyerere. Winifred sanapunthwe ngakhale kamodzi. Anafika pamwamba ali bwinobwino, akuseka, madzi akugwa ndi mkokomo woti munthu azikuwa polankhula.

Ba Davies anatulutsa kamera. "Manje vala zija."

"Ba Davies, pano panyowa. Mulamu anakamba."

"Miniti imozi chabe, Wini. Nagula kuti zinkhale m'chola?"

Anavala. Anaima pamwala, dzanja limodzi pamimba. Ba Davies anajambula.

"Sendela kumbuyo pang'ono, madzi saoneka bwino."

Anasendera.

"Pang'ono futi."

Chidendene chinaterereka. Musaganize kuti anagwera kuphompho, ayi. Anangogwa chammbali pamwala womwewo, kagwedwe koti mwana amadzuka n'kupitiriza kusewera. Iye mwini anadzuka akuseka, akupukuta diresi. Anavalanso za matayala, anayamba kutsika.

Ali pakati pa njira Winifred anaima, anagwira mtengo. "Ba Davies, musana." Atayang'ana pansi anaona magazi m'mwendo.

Phiri lilibe minibasi. Ba Davies anakuwa mpaka mawu anatha. Anabwera amuna awiri odula mitengo, anamanga machila ndi chitenje, anamunyamula mpaka kubwato. Pofika kuchipatala dzuwa litapendeka, anamwino anangopukusa mutu. Mimba inali itachoka. Anali mwana wamwamuna.

Ba Chibesa sananene kuti ndinakuuzani. Anamusambitsa mlamu wawo, anamuphikira phala sabata ziwiri.

Atabwerera ku Lusaka, ba Davies anabweza kamera osakumbukira kuchotsa filimu. Mwini kamera sankadziwa chomwe chinachitika, chifukwa ba Davies ankangoti madamu sakumva bwino. Anakatsukitsa filimu ija, Lolemba lina anabwera ndi zithunzi kuofesi, n'kuyamba kupatsirana tebulo ndi tebulo.

"Ba Kampamba, kwanu n'kwabwino zoona!"

"Onani madamu! Na mimba yaoneka. Nsapato izi munagula kuti? Nifuna nikagulile wanga."

Mawu onse amene ankafuna kumva anawamva tsiku limenelo. Anatenga chithunzicho, analowa kuchimbudzi, anadzitsekera. Mtsikana wotayipa ndiye anawamva akulira.

Winifred sanachoke pabanja. Amawaphikira, amawachapira, kutchalitchi amapita limodzi. Koma mimba ina sinabwerenso. Nsapato zofiira zija anaziponya m'chimbudzi chokumba cha aneba. Ndipo wojambula akafika pa ukwati kapena pa ubatizo wa mwana wa wina, iye amanyamuka mwakachetechete kukathandiza kutsuka mbale.

Amene anandiuza nkhaniyi amapemphera nawo limodzi. Akuti chithunzi chija ba Davies amachisunga m'Baibulo, chopindidwa m'munsi kuti mapazi asaoneke.

Phunziro: Malangizo si oti uwatsate maola awiri n'kuwavula miniti imodzi. Munthu wokhala pamalopo akakuuza za njira, mvera mpaka utabwerera pakhomo. Inu azibambo, anzanu a kuntchito amayamikira chithunzi n'kuiwala, koma mkazi ndi amene amasenza zotsala. Ndipo ife azimayi, ukaona kuti pansi panyowa, kana, ngakhale akwiye. Mukawerenga mupatseko mnzanu, ndipo muwawerengere amuna anu asanakonze ulendo.