Mazira a Akamba Pafupi ndi Fakitale

"Kumbani apa, bwana," anatero mayi wogulitsa zipewa kwa alendo, akuloza mchenga ndi dzanja lake la zala zitatu.

Mkulu woona za nyama zakuthengo anafukula pang'ono, n'kupeza mazira a akamba a m'nyanja ali mbuu. Anawakwiriranso mosamala.

Mayiyo anamwetulira. Zala zake ziwiri zinadyedwa ndi makina a fakitale yoika nsomba m'zitini, yomwe tsopano inangotsala chigoba pagombe pomwepo. Mwini fakitale anamuchotsa ntchito bala lisanapole, amvekere, "Kusasamala kwako." Kwa zaka makumi awiri mayiyo anasunga chakukhosi. Tsopano mwana wa mwini fakitale uja ankafuna kuigwetsa kuti amangepo hotela, ndipo anali atathirapo kale chuma chonse cha banja.

"Akamba amaikira pano," mkuluyo anagamula. "Palibe kumanga, palibe kugwetsa ngakhale njerwa imodzi."

Patatha sabata, mwini fakitale uja, tsopano atakalamba, anatulukira pagombepo pa njinga ya olumala, mpongozi wake akumukankha. Mayiyo anaimirira, mawu onse amene anawanola zaka zonsezi ali pakamwa.

"Ndinu amene munaitana aboma?" anafunsa bwanayo.

"Ndine, ndipo sindipepesa."

Nkhalambayo inagwetsa misozi. "Mulungu akudalitseni, amayi. Ndinatopa kumuchonderera mwanayu kuti asandigwetsere fakitale yanga, koma sankandimva. Tsopano iima mpaka kalekale. Kodi munalowamo nthawi imene inkagwira ntchito? Antchito anga ankakondwa kwabasi."