Ulimba wa a Geresomo

Nkhwangwa inagwera pakati penipeni pa ulimba, thabwa n'kung'ambika pawiri. Prudence anaizula n'kutemanso. Zikho za pansi zinaphulika ngati mazira.

Bambo ake, a Geresomo, anali gone pafumbi, mlomo utang'ambika, magazi akuyenderera m'ndevu. Mlonda wa kuesiteti ya nzimbe anali atawaponda pakhosi ndi jombo. Mnzake anawatambasula dzanja lamanja pachitsa, chibonga chili m'mwamba.

Mlandu wake unali nyimbo. Inali yakalekale, ya nthawi ya thangata, imene makolo ankatukwanira atsamunda a thonje. A Geresomo anangoisintha mawu, n'kumaiimba pa ulimba wawo. Anaikamo madimba amene esiteti inalanda m'mphepete mwa Shire, manda amene mathirakitala anagalauza, ndiponso dzina la manijala, bwana Dennis. Sabata yathunthu odula nzimbe anaiimba atakhala pansi, zikwanje zili pambali.

Tsikulo bwana Dennis anafika m'mudzimo dzuwa lili paliwombo, ali ndi alonda asanu. Anati nkhalambayo isankhe, ulimba kapena zala. A Geresomo anamulavulira magazi pansapato, n'kumuuza kuti zalazo atenge, koma ulimba wa agogo awo sadzaukhudza.

Apa mpamene Prudence, yemwe amachapa ndi kusita kunyumba kwa bwanayo, anazungulira kuseri kwa nkhokwe n'kubwera akuukoka ulimba, uli bii ndi mwaye. Nkhwangwa anachita kuitanitsa yekha.

"Mwana wa njoka iwe," anatero azakhali ake a Magdalena. "Ntchito yochapa makabudula a munthu waigula ndi mafupa a agogo ako?"

Mwala wochokera m'gulu la anthu unam'tema Prudence pachipumi. Magazi analowa m'diso, koma sanapukute. Anatema mpaka panatsala ziphuthu zokhazokha. Bwana Dennis anathira petulo n'kumupatsa machesi kuti ayatse ndi dzanja lake. Anayatsa.

Bwanayo anam'sisita paphewa, n'kuuza anthu kuti m'mudzi wonsewo wanzeru ndi mkazi mmodzi yekhayu. Alonda analisiya dzanja lija, koma wachibongayo anawamenya a Geresomo kawiri m'nthiti kuti asabwerere chimanjamanja.

Galimoto ya bwanayo itapita, panalibe wom'lankhula Prudence. Amayi ena ankalavula pansi podutsa pafupi naye. Prudence anagwada, natenga dzanja la bambo ake n'kupinda chala chimodzichimodzi. Zonse zinapindika.

"Ababa, tiyeni m'nyumba."

A Geresomo anam'kokera pafupi ndi pakamwa pawo potupapo.

"Chinthu cholira ngati chitseko chija wachitenga kuti? Wanga sulira choncho."

"Pakhonde pa bwana," ananong'ona Prudence. "Uja anagula wokongoletsera alendo, amene sanauyang'anepo n'kamodzi komwe. Ndangoupaka mwaye. Wanu wawoloka Shire m'mamawa."