Mabuleki a Mphungu pa Mtsetse wa ku Thanki

M'Ndirande monse palibe munthu amene anatsikapo mtsetse wa ku thanki mwaliwiro kuposa ine, Lucius Namakhwa. Mboni zilipo zoposa zana, ndipo zina zimachita kulumbira kuti matayala sankagunda pansi.

Linali Loweruka m'mawa. Mayi Madina anaima pakati pa msewu, shopu yanga kumanja, ya Salehe kumanzere. Mayiwa amatsogolera gulu la amayi oyendera odwala m'makomo a m'mbali mwa phiri. Gululo linali litalandira njinga zamagiya khumi ndi ziwiri, zakaunjika, mabuleki ofooka, matcheni odumphadumpha. Ankafuna shopu imodzi yoti iike zipangizo zatsopano pa njinga zonsezo. Ntchito yotere pamsika wathu imabwera kamodzi pa zaka zisanu, ndipo woiphonya amakhala mwezi wathunthu akuonerera mnzake kutsidya kwa msewu.

Ine ndimagulitsa zipangizo za kampani imene anthu anangoitcha Mphungu, chifukwa cha chithunzi cha pa katoni. Salehe amagulitsa za Nyenyezi. Takangana za zimenezi zaka zisanu ndi chimodzi popanda wogonja.

Ndinayamba ndine, monga mwa nthawi zonse.

"Mayi, ine ndinayamba ndi pampu imodzi ndi beseni lomatira machubu. Lero ndafika ku Joni, ku Dar es Salaam, ku Dubai, mpaka ku Guangzhou. Njinga ndaziona. Mphungu ili ndi masipuloketi, timawilo ta mano tokoka tcheni, awiri kutsogolo, khumi kumbuyo, tcheni chake chonenepa, sichitha msanga. Mabuleki ake ndi a mafuta, si a waya ayi. Chala chimodzi chokha, njinga imaima ngati yaona apolisi. A Nyenyezi amagwira pang'onopang'ono ngati akupempha chilolezo."

Salehe anaseka, n'kupukuta manja m'ovolosi.

"Akulu, ku Dubai munatsika phiri liti? Si masitepe oyenda okha aja? Mayi, Nyenyezi ili ndi sipuloketi imodzi kutsogolo, khumi ndi awiri kumbuyo. Chosinthira ndi chimodzi, mayi aliyense achiphunzira tsiku limodzi, ndipo tcheni sichigwa. Buleki yoluma mwadzidzidzi pa miyala imakugwetsa chamutu."

"Abambo inu, amayi anga satsika phiri ndi pakamwa," anatero Mayi Madina. "Aliyense atenge njinga yake. Kwerani mpaka ku thanki ya madzi, mutsike. Ndione ndi maso."

Msika unaima. Ogulitsa tomato anasiya milu yawo, akabaza anazimitsa njinga zamoto, ngakhale kondakitala wina anasiya kuitanira.

Za chitunda ndinene zoona: Salehe anandisiya. Magiya a Mphungu ankalowa bwinobwino, kwe, kwe, koma injini yake ndi bambo wa zaka makumi asanu ndi ziwiri amene wadya m'mahotela a mayiko asanu ndi awiri. Nditafika ku thanki ndinapeza Salehe atakhala pa mwala, akusenda nthochi.

"Akulu, mimbayo ilibe giya yakeyake?"

Ndinangopuma wefuwefu. Mpweya woyankhira ndinalibe.

Tinatembenuza njinga. Salehe anatsogola, akutsika mwaulemu, mabuleki ake akulira pang'ono pa miyala. Ndinamupeza pa ngodya yoyamba, pamene aliyense wanzeru amachepetsa liwiro. Ine sindinachepetse. Ndinamudutsa ngati waima.

"Akulu! Mufa!"

Mawu ake anatsalira kumbuyo pamodzi ndi chipewa changa. Ngalande ya pafupi ndi chigayo ndinaidumpha. Nkhuku zinabalalika. Mayi wina wosenza chidebe cha mandasi anakwera pa khonde la eni, chidebe chili pamutu. Ana ankathamanga m'mbali mwa msewu akukuwa, "Madala! Madala!" Pa ngodya yachiwiri bondo langa linatsala pang'ono kukhula pansi, monga amachitira a mpikisano pa kanema. Ndinawoloka mlatho wa Nasolo mathalauza akuwomba ngati mbendera, ndinakwera kachitunda ka pamsika, ndipo njinga inakaima phee, patsogolo penipeni pa Mayi Madina. Ndinatsitsa phazi limodzi pansi.

Msika unaphulika. Akabaza ankaliza mahutala, amayi a tomato nthungululu. Salehe anatulukira patapita mphindi ziwiri zathunthu, fumbi langa lili m'ndevu. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anagwedeza mutu.

"Zaka zonsezi ndimayesa ndi pakamwa chabe. Pepani, akulu."

Mayi Madina anadikira phokoso lichepe.

"Pokwera yapambana Nyenyezi. Koma amayi anga saopa kukwera, akatopa amakankha. Amaopa kutsika. Ndipo munthu satsika chonchi pokhapokha ngati mabuleki ake akuwakhulupirira ndi moyo wake wonse. A Namakhwa, njinga zonse khumi ndi ziwiri zifika kwanu Lolemba."

Anatambasula dzanja kuti tigwirane chanza. Ine sindinalilandire. Ndinangoweramitsa mutu, manja ali pa handulo. Mpaka lero ena pamsika amati ndinanyada, ena amati umenewo ndi ulemu wa ku Guangzhou.

Zala zanga zinali zitakana kutseguka. Mabuleki onse awiri ndinawafinya mpaka kugunda handulo kuyambira ku thanki komwe, ndipo sanagwire olo pang'ono. M'mawa umenewo, katswiri woyenda mayikone, ndinali nditapukuta madisiki, zitsulo zozungulira zimene mabuleki amaluma, ndi nsanza ya mafuta oterera kuti awale pamaso pa kasitomala.